Tsiku Limene Nyerere Zinandichitira Umboni

Nkhani iyi mayi a kunyumba anandiletsa kuilemba. Akuti anthu anayamba kuiiwala, ndiye ndikuidzutsiranji? Koma ine ndikudziwa kuti ku Chulu palibe amene anaiiwala, chifukwa mpaka lero ndikamadutsa pamsika alipo ena amene amandipatsa moni waulemu wonse, wa manja awiri, koma maso ali pansi pafupi ndi mapazi anga ngati ataya singano. Ndiye kuli bwino muimve kwa mwini wakene musanakumane ndi aja amaithira nsinjiro.

Ine ndine mlimi wa fodya, komanso mkulu wa mpingo. Zaka zimene ndikunenazi ndi zija makuponi a feteleza anali pakamwa pa aliyense. Nthawi imeneyo ndinali ndi mimba. Sindikunena kamimba ka masewera ayi, ndikunena mimba yoti inkayamba kulowa m'tchalitchi mwini wake akadali panja. Kwathu kuno mimba ya mwamuna ndi umboni woti fodya wake anayenda bwino ku okushoni. Sufunika kuuza munthu kuti mabelo ako anakuchitira zotani, umangomasula batani limodzi la malaya, anthu n'kuona okha. Ndipo mimba yangayo sinabwere yokha, ndinaigwirira ntchito. M'mawa tiyi wa mkaka, shuga masupuni anayi, masikono opaka majarini mbali zonse ziwiri. Masana ndikafika pamsika, a chiwaya sankandifunsanso: nkhumba ya mafuta, mchere wapadera pambali, chakumwa chozizira chotsitsira. Masamba ndinkawaona ngati ndiwo za alendo obwera osanena.

Chaka chimenecho, fodya akadali m'chigafa, mutu unayamba kundiwawa cha kunkhongo, chizungulire, ludzu losatha. Nabanda, mkazi wanga, anandikokera kuchipatala (mawu oti anandikokera musawayese okuluwika, anagwiradi mkono wa jekete). Adokotala anali mayi wamng'ono thupi, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anandimanga chopopa chija pamkono, anandibaya chala, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, mwabwera bwanji kuno?"

"Pa njinga."

"Mumapalasa nokha?"

"Nanga andipalasire ndani?"

"Mulungu amakukondani. Bipi yanu yakwera kwambiri, shuga nayenso wakwera. Awa si matenda ochira ngati malungo, mukhala nawo moyo wanu wonse. Koma mukamamwa mankhwala tsiku ndi tsiku ndi kusintha kadyedwe, mukalamba nawo bwinobwino."

Kenako anayamba kundilanda chuma changa chimodzichimodzi. Shuga m'tiyi, ayi. Zakumwa zotsekemera, ayi. Nyama ya mafuta, ayi. Mchere, wongolawitsa. Ufa woyera usiyidwe, ndizidya mgaiwa, ndipo mitanda yake yowerengeka. Masamba, nyemba, nsomba, zimenezo ndiye ndidye mmene ndingathere. "Ndipo mimbayi ichoke," anamaliza motero, akuiloza ndi cholembera. Nabanda ankangogwedeza mutu ngati munthu amene akumva ulaliki wodzudzula mnzake wokhala naye pampando.

Tinabwerera kunyumba, ndipo boma latsopano linayamba tsiku lomwelo. Lero bonongwe, mawa chisoso, mkuja nkhwani, tsiku la chisangalalo khwanya wotendera. Shuga anasamukira kumene sindinakudziwe mpaka pano. M'mawa uliwonse Nabanda ankandiikira mapiritsi m'dzanja ndi kapu ya madzi, n'kuima pomwepo.

Choonadi ndichinene, ngakhale chikundiwawa: ndinachira. Mutu unasiya, chizungulire chinatha, ndinayamba kumanga ndekha zingwe za nsapato popanda kupuma kaye pakati. Kumunda ndinkatha mizere imene kale ndinkangoiloza ndi ndodo. Koma lamba ndinamuboola ndi msomali kawiri. Khosi linayamba kusambira m'kolala. Jekete langa la Lamulungu linkaoneka ngati ndabwereka kwa malume.

Apa ndi pamene vuto linayambira. Kwathu mwamuna wa mimba akaonda mwadzidzidzi palibe amene amaganiza za bonongwe. Zaka za m'mbuyomo tinali titaika anthu ambiri m'manda, achibale ndi anzathu, ndipo onse ankayamba ndi kuonda. Choncho anthu ankadziwa nthenda imodzi yokha yoondetsa munthu, ndipo ankaidziwa bwino. Palibe amene ananena pamaso panga. Ndinkangoona ulemu ukuchuluka. Tikuumba njerwa za tchalitchi, wina anabwera kudzandilanda khasu mwachifundo: "Akulu, pumulani pamthunzi, mungodalitsa ntchitoyi." Kumjigo amayi anayamba kumusiyira Nabanda kuti atunge koyamba (iye zinkamukomera, akuti chikwatiwire sanapatsidwepo ulemu wotero). Ine ndinkayesa kufotokoza.

"Ndi shuga, abale. Adokotala anandiletsa zonona."

"Eya, eya, shuga," ankayankha ndi mawu ofewa ngati olankhulira pamaliro. "Wavutadi shuga masiku ano."

Nanga ndikanawadzudzula bwanji? Aliyense amene tinamuika zaka zimenezo ankanenanso kuti ndi shuga, kapena chifuwa, kapena am'lodza. Kuchipatala anali atandiyezanso magazi, kachilombo sanakapeze, koma pepala loterolo sungamayende nalo khomo ndi khomo ngati kalata ya ukwati. Ndikuuzeni mosabisa, imfa sinkandiopsa nthawi imeneyo. Chimene chinkandidya mumtima ndi dzina langa. Ine mkulu wa mpingo, mlangizi wa mabanja, anthu azinong'onezana kuti ndinayenda njira zachilendo ndi ndalama za fodya? Zimenezo zinkandiwawa kuposa mutu uja.

Ndiye linafika tsiku lolemba maina a makuponi. Tinasonkhana pabwalo la sukulu, komiti ya m'mudzi itakhala kutsogolo. Zaka zam'mbuyo dzina langa silinkayandikira n'komwe, akuti a mimba adzigulire okha. Mlembi anayamba kuwerenga: okalamba, kenako osunga ana amasiye, kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Tsopano anzathu odwala matenda a mgonagona." Dzina lachitatu linali langa. Palibe amene anaseka. Akanaseka zikanakhala bwino. Anthu anangogwedeza mitu movomereza, mayi wina kumbuyo mpaka anati, "Mwachita bwino a komiti."

Mukufuna kudziwa ngati ndinaimirira n'kukana? Sindinakane. Manyazi analipo, koma matumba awiri a feteleza si chinthu chochitira nacho matama. Ndinangoweramitsa mutu, zimene anthu anaziona ngati kuvomera mlandu.

Mawa lake kunabwera a Mwale, aneba anga a ngolo. Bambo ameneyu zaka zingapo m'mbuyomo anatsala mafupa okhaokha, tinayamba ndi kukambirana za matabwa. Anapita kukayezetsa, anayamba kumwa mankhwala otalikitsa moyo, anadzuka, ndipo sankabisa kwa aliyense. Anandipeza ndikukonza mabedi a nazale, anavula chipewa, anakhala pachitsa.

"Aneba, ine ndinadutsamo m'zimenezi. Chovuta ndi tsiku loyamba lokha. Lachinayi ndikukatenga mankhwala anga, tiyeni tipitire limodzi. Palibe chochititsa manyazi."

Munthu anabwera ndi mtima wabwino. Ine ndinamuyankha ndi mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira nkhope imanditentha.

"A Mwale, musandiike m'gulu lanu."

Anavala chipewa chake, anandilawira mwaulemu, anapita.

Loweruka la sabata yomweyo, tsiku la msika, kunafika galimoto ya chimkuzamawu padenga. Mwini wake anali bambo wonenepa bwino, wa suti yonyezimira, thukuta lili chuchuchu. Patebulo anayalapo zitini ndi mabotolo. Pachitini chilichonse panali chithunzi cha chimunthu cha minofu ngati ng'ombe yapangolo, ndi zilembo za chinenero chimene ngakhale aphunzitsi sakanawerenga. Ndinazungulira msika kawiri kudikira kuti anthu ondidziwa achepe, kenako ndinamufika chakumbali.

"Akuluakulu, musanene chilichonse, ndaona kale," anatero. "Thupi lanuli ndi munda woguga. Ndinu mlimi?"

"Wa fodya."

"Ndiye tigwirizana msanga. Ufa uwu muli mavitamini onse, umachapa magazi, umabwezera thupi. Umenewu ndiye wokulitsa. Botolo ili ndi lopatsa chilakolako cha chakudya. Limeneli ndiye wobereketsa. Munaonapo munda ukubereka ndi thumba limodzi lokha?"

Sindinaonepo. Munthuyu ankalankhula zomveka kuposa adokotala.

"Nanga poti ndili ndi shuga ndi bipi?"

"Shuga? Ameneyo ndiye ndiwo za ufa umenewu, umam'sungunula sabata ziwiri. Koma mapiritsi a kuchipatala muyambe mwawapumitsa, chifukwa zinthu ziwiri zamphamvu zikakumana m'mimba zimamenyana. Supuni imodzi ya ufa m'mawa, supuni imodzi ya m'botolo masana."

Ndinagula zonse ziwiri, ndinazikulunga m'thumba lakale la feteleza, ndinakazibisa kudenga la chigafa, kumene Nabanda sankafikako chifukwa cha mavu. Ufawo nditaulawa unali wotsekemera ngati phala la mwana wa bwana. Munthu wanzeru akanadabwa kuti mankhwala osungunula shuga akutsekemereranji. Ine ndinangoti azungu amadziwa kukonza zinthu.

Tsopano mumve mmene mlimi amaganizira. Alangizi akatiuza kuti pa phando lililonse tithire feteleza wodzaza kachitsekerero ka botolo, ife timadziwa kuti akunena zimenezo chifukwa feteleza ndi wochepa. Amene ali naye wokwanira amathira kawiri. Moyo wanga wonse sindinamvepo mlimi akudandaula kuti wathira wambiri. Choncho supuni imodzi ija ndinaiona ngati muyezo wa anthu osauka. Tsiku loyamba ndinamwa ziwiri. Pofika Lachitatu supuni ndinaisiya, ndinatenga kakapu kaja timayezera feteleza wa fodya, ndinakatsuka bwinobwino (ukhondo ndiye sindinaunyalanyaze).

Mapiritsi a kuchipatala anali ndi vuto lawo, poti Nabanda ankaima pomwepo. Ndinaphunzira kuwasunga m'tsaya, kumeza madzi okha, kenako n'kukawalavula kuseri kwa khola. Nkhuku zinazolowera, zinkandidikira. Chaka chimenecho pakhomo pathu palibe nkhuku imene inadwala bipi.

Botolo lija silinaname. Njala inandigwira ngati ndachokera kundende. Kunyumba ndinkadya mgaiwa ndi chisoso changa mwaulemu, n'kuthokoza, kenako ndinkati ndikukaona za mbewu pamsika. Kumeneko a chiwaya anandilandira ngati mwana wolowerera. Nkhumba inabwerera, mchere unabwerera, zozizira zinabwerera. Pobwerera kunyumba ndinkatafuna masamba a bulugamu kuti fungo lisandiulule.

Mlimi sakhulupirira maso, amakhulupirira sikelo. Pamsikapo pali a Saidi, mwini golosale amene amagulanso mtedza ndi soya, ndipo kuseri kwa golosale yawo kuli sikelo yopachika ija ya ngowe. Ndinawapempha kuti azindiyeza mwachinsinsi. Njira yake inali imodzi yokha: kulowa m'thumba, iwo n'kukoleka thumbalo pangowe. Tangoganizani mkulu wa mpingo ali lendelende m'thumba la mtedza, mawondo ali kuchibwano, akufunsa kuti, "Singano ili pati?"

"Yakwera pang'ono," anatero a Saidi sabata yachiwiri. "Koma achimwene, bambo anga anamwalira ndi shuga, atadulidwa mwendo. Ngati ndi shugadi, zimene ndikukuonani mukudya pachiwaya paja si zoona."

"Mukuti ngati? Inunso simukhulupirira?"

"Ine ndimayeza makilo, magazi sindiyeza. Tsikani, kukubwera anthu."

Masaya anayamba kubwerera. Mimba inasuzumira pang'ono pamwamba pa lamba. Lamulungu lina ndinamasula batani limodzi ndi kuyenda pang'onopang'ono pabwalo la tchalitchi kuti aliyense aone. Anaonadi. Ndikudutsa pafupi ndi amayi a mvano ndinamva wina akuuza mnzake, "Mwawaona akulu? Ayamba kuwala. Mankhwala aja ndi amphamvu, a Mwale anachita bwino kuwalimbikitsa."

Nditaonda anati ndi kachilombo. Nditanenepa anati ndi mankhwala a kachilombo. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo, n'kubwerera ku bonongwe wake. Ine ndinaganiza kuti vuto ndi loti kunenepa kokha sikukwanira, anthuwa afunika aone mphamvu.

Nthawi yomweyo thupi linayamba kundilankhula, ine osamva. Ludzu linabwerera, loposa loyamba lija. Madzi ndikamwa ankangodutsa, moti kumunda ndinkatha nthawi yambiri kutchire kusiyana ndi pamzere. Mapazi anatupa, ine n'kumati kunenepa kwayambira pansi. Maso anachita chifunga: tsiku lina ndikuwerenga mawu m'tchalitchi ndinadumpha mzere, ndinalumikiza mavesi awiri osagwirizana, mpingo n'kuyankha kuti ameni. Choipitsitsa, singano ya a Saidi inaima, kenako inayamba kubwerera m'mbuyo, chonsecho ndikudya ngati anthu atatu. Ndinakhala m'chigafa ndi kuganiza mozama ngati mlimi. Chimanga chikayamba chikasu suchepetsa feteleza, umaonjezera. Ndinayamba kumwa makapu awiri.

Mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana, uthenga unafika woti feteleza wa makuponi wabwera kudepoti ya pamsika, koma matumba ndi ochepa. Aliyense amene anaimapo pamzere wa feteleza akudziwa lamulo lake: ukachoka, wachoka. Kaya wapita kukamwa madzi, kaya waitanidwa ku maliro, malo ako atsekeka ngati madzi. Ine tsiku limeneli ndinalikonzekera. Mudzi wonse ukhala pamenepo, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti thumba ndidzalinyamula ndekha paphewa, kuchokera pakhomo la depoti mpaka kumsewu, anthu onse akuona. M'mawa ndinamwa makapu atatu a ufa, ndinapapira za m'botolo osayeza, ndinavala buluku langa la kaki. Pamzere ndinaonjezera zozizira ziwiri zoti zindipatse nyonga.

Dzuwa la Novembala ku Kasungu mukulidziwa. Pofika chakumasana chikhodzodzo chinayamba kugogoda. Ndinayang'ana kutsogolo, anthu ambiri. Ndinayang'ana kumbuyo, ambiri kuposa. Ndinapanikiza miyendo, ndinayamba kuimba nyimbo za m'buku chamumtima. Mzere unkasuntha ngati ukupita kukapepesa. Mutu unkagunda kunkhongo, anthu ndinkawaona awiriawiri, koma ndinapirira mpaka ndinafika pawindo, ndinapereka makuponi, matumba anga awiri anawatulutsa pakhomo.

A Mwale anali pomwepo ndi ngolo yawo, akunyamulira anthu a m'mudzi mwathu. Chiyankhulire mawu aja tinkangopatsana moni wapatali. Koma atandiona anabwera.

"Aneba, nkhope yanu sikundisangalatsa. Siyani ndikunyamulireni."

Ndinayankha mokweza, kuti a kumapeto kwa mzere amve. "A Mwale, ine si wodwala! Thumba ngati ili ndimanyamula ndi dzanja limodzi!"

Anthu anatembenuka. Ndi zimene ndinkafuna. Ndinawerama, ndinaligwira makutu, ndinaliponya paphewa. Linakwera! Ndinamva wina akuti, "Eee!" Ndinaponda phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu, mtima ukuti onani, onani nonse. Pa lachisanu ndi chiwiri dziko linapendekeka, dzuwa linazima.

Nditatsitsimuka ndinali chagada pamthunzi wa khoma la depoti, wina akundikupiza ndi chipewa. Chinthu choyamba chimene ndinazindikira n'choti chikhodzodzo sichikugogodanso. Chachiwiri n'choti buluku la kaki silisunga chinsinsi. Ndinali nditanyowa kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo, ndipo pambali panga panali kadziwe. Ndinatsekanso maso msangamsanga. Ndinaona kuti munthu wokomoka amakhululukidwa zambiri, choncho ndinaganiza zokhalabe wokomoka mpaka anthu atabalalika.

Sanabalalike. Ena mpaka anataya malo awo pamzere, chinthu chimene sichinachitikepo. Ndinkamva manong'onong'o pamwamba panga.

"Matendawa akafika kumutu amatero."

"Komatu anayamba kuwala."

"Mwina anasiya mankhwala."

Kenako ndinamva mawu a a Saidi, amene anathamanga kuchokera kugolosale. "Tapatukani. Tapatukani ndione." Anawerama pambali panga. "Taonani apa. Ayi, osati munthuyo, pansipa. Mukuziona nyererezi?"

Ndinatsegula diso limodzi pang'ono. Nyerere zinali zitapanga mzere wawo, wolongosoka kuposa wathu, kuchokera kukhoma mpaka pakadziwe kanga. Zina zinali zitayamba kale kukwera buluku.

"Nyerere sizitsata mkodzo wamba," anatero a Saidi, mokweza ngati akulengeza mtengo wa soya. "Bambo anga zinkawatsata chonchi kuseri kwa nyumba. Munthuyu ndi shuga. Wadzaza thupi lonse mpaka akutayikira."

Anthu anaunjikana kuti aone. Amuna, amayi a ana kumbuyo, a komiti, onse anawerama kuyang'ana mkodzo wanga mwachidwi. "Eee, ndi shugadi!" "Taonani zikuchulukira!" "Ndiye ankanena zoona bambowa!"

Abale, ndiulule tchimo. Nditagona pamenepo, wonyowa, nyerere zikundiluma m'ntchafu, theka la thupi lili dzanzi, mumtima mwanga munadzaza chimwemwe. Miyezi yonse ija ndinalankhula ndi pakamwa, palibe anandimvera. Lero tizilombo tosabatizidwa tandichitira umboni, ndipo mudzi wonse wavomera.

A Mwale ndi amene anandinyamula, okha, ngati mwana. Anandigoneka m'ngolo pamwamba pa matumba anga omwe, anandifunditsa jekete lawo m'chiuno, anayamba kuthamangitsa ng'ombe kulowera kuchipatala. Titachoka pagulu ndinasiya kukomoka.

"A Mwale," ndinatero ndi lilime lolemera, "mwamva? Ndi shuga."

"Ndamva, aneba."

"Anthu onse amva?"

Anakusa ng'ombe zawo. Kenako anati, "Amva. Mwapambana. Matenda amene mumaopa kuti angakunamizireniwo ndili nawo ndine, ndipo ndi ine ndakunyamulani. Anu abwinowo ndi amene akugonekani pathumbapa. Gwirani zolimba, kutsogoloku kuli mabampu."

Chimwemwe chija chinathera pomwepo. Ndinayang'ana msana wa munthu amene ndinamunyoza pakhomo panga, malaya atanyowa ndi thukuta chifukwa cha ine, ndipo ndinachita manyazi enieni, oposa a buluku. Ndinangolira, ng'ombe zikuthamanga.

Kuchipatala chathu sanandisunge, ananditumiza ku boma, kumene ndinagona masiku angapo ndi madiripi. Anati ndikanachedwa pang'ono ndikanafa ziwalo mbali imodzi, kapena kufa kumene. Nditabwerako ndinakaonekera kwa adokotala anga aja. Nabanda anatulutsa m'chitenje chitini ndi botolo n'kuziika patebulo (mavu aja, zikuoneka, sanali oopsa mmene ndinkaganizira). Adokotala anatsegula chitini, ananunkhiza, anagwiritsa chala n'kulawa.

"Soya, mkaka wa ufa, ndi shuga. Shuga ndiye wambiri. Bambo, munthu wa matenda a shuga, mumamwa zimenezi supuni zingati?"

"Supuni ayi," anandiyankhira Nabanda. "Kapu ya feteleza. Ndaipeza m'chitini momwemo."

Adokotala anaika cholembera pansi, anatuluka panja. Ndikukhulupirira kuti anapita kukaseka, chifukwa anabwerako akupukuta m'maso. Anandiuza kuti palibe ufa wa m'chitini umene ungalowe m'malo mwa mapiritsi ndi mbale ya masamba, ndipo munthu wofuna zoonjezera m'thupi ayambe wafunsa kuchipatala. Ndinavomera zonse ngati mwana wa sukulu.

Nabanda sanaseke. Tinayenda ulendo wobwerera mpaka titafika pamphambano ya kwathu. Pamenepo anaima.

"Abambo ake a Tamandani, ine anthu ankandinena limodzi ndi inu. Ndinapirira, chifukwa ndinkadziwa kuti mwamuna wanga akuchira. Inu munasankha kufa wonenepa kuti anthu akutameni pamaliro. Mukanapita, dzina lanulo likanandilimira fodya?"

Kwa a Mwale ndinapita ndekha mawa lake, ndinavula chipewa, ndinakhala pansi, ndinapepesa. Anangoti, "Zatha, aneba," n'kundifunsa ngati ndaokera kale fodya.

Papita zaka tsopano. Mapiritsi ndimameza, ndipo ndimatsegula pakamwa kuti aone. Chisoso ndinachizolowera, mwina n'kuchikonda kumene. Ndine woonda, ndine wamoyo, ndipo achinyamata akamakonzekera ukwati ndimawalangiza kuti asamakhalire zonena za anthu. Ndimalankhula bwino kwambiri pa mutu umenewu.

Koma Lamulungu lililonse, ngakhale mu Okutobala dzuwa likung'amba nthaka, mkati mwa jekete ndimavalamo juzi yokhuthala kuti thupi lioneke lodzaza pang'ono. Thukuta limayenderera kumsana ulaliki wonse. Nabanda amadziwa chifukwa chake. Loweruka amaichapa, amaipinda, amaiika pamwamba pa malaya anga.